Madiresi Opanda Manja

Ine ndine telala, ntchito yanga ndi makina, za maukwati a eni sindilowerera. Koma ukwati umodzi umandiwawabe mpaka lero.

Mkwatibwi wake anali mphunzitsi wa ana ang'onoang'ono, mtsikana wansangala. Analowa mushopu mwanga atasenza chikwama, n'kukhuthulira madiresi patebulo lodulira. Onse obiriwira, ofanana, opanda manja.

"Amayi, taonani mwayi wanga! Sitolo ina ikutseka, akungogulitsa motaya. Ndasesa onse otsala, a atsikana ondiperekeza."

Ndinaigwira nsaluyo. Yopepuka, yoterera, ya mtundu uja ukaiwala n'kutenthetsa simbi imakwinyika ngati pulasitiki. Koma pa mtengo umenewo ungadandaulenso chiyani? Operekezawo ambiri anali ana asukulu, ndipo iye sankafuna kuwasenzetsa mtolo. Ndinamuyamikira. Vuto linali kutalika basi, ngati anasokera mapolo a magetsi.

Atsikana anabwera kudzayesa, phokoso lake ngati pamsika, wina kulimbirana galasi, wina kundipondera tepi. Ndinawadulira m'munsi, n'kupinda. Amene sanabwere ndi mkulu wake wa mkwatibwi yekha, poti kufakitale kwawo sankamulola kuchoka masana.

"Achemwali ndi msinkhu wanga," anatero mkwatibwi. "Ingondiyezani ine, mudule."

Ndinadula. Zidutswa zinaunjikana pakona, iye n'kuziona. "Musataye, amayi! Tipangireni timaluwa ta m'mutu, tisagulenso zina."

Amene anandiphunzitsa kusoka ankati zidutswa sizikhudzidwa mpaka womaliza atayesa. Koma ndinali ndi changu, komanso maganizowo anandisangalatsa. Ndinazidula zonse timagawo tozungulira, n'kusoka timaluwa todzaza katoni ya nsapato. Tinakongola, sindinama.

Sabata yaukwati mkulu wake uja anatulukira. Munthu wofatsa, wovala bulauzi ya manja aatali kunja kukutentha chonchija. Anatenga diresi lake n'kulowa kuseri kwa katani. Anakhalitsa, mpaka ndinafuula.

"Kodi mwagona mmenemo? Ena tili ndi ntchito!"

Pakamwa pangapa! Atatuluka, ndinaona chimene chinamuchedwetsa. Mkono wake wamanzere, kuyambira paphewa mpaka pachigongono, unali chipsera chokhachokha, khungu lokokana lonyezimira. Anaima pagalasi, osadziyang'ana kumaso.

"Amayi," anatero motsitsa, "manja simungaikeko?"

Ndinayang'ana katoni ya timaluwa ija. Mayo ine! Zidutswa zija zikanakwana manja awiri n'kutsalako. Ndinamuuza zoona, kuti nsalu ndinaimaliza ndi sizasi yanga.

Anakhala pampando n'kundifotokozera. Ali wamng'ono, mng'ono wakeyo akukwawa anakoka chingwe cha ketulo ya madzi owira. Iye anamukankha mwanayo, madzi n'kumuthira yekha.

"Akudziwa, si kuti sakudziwa," anatero. "Koma ndakhala ndikubisa zaka zonsezi, ndiye anaiwala. Ndimafuna aziiwala."

Mawa lake ndinatseka shopu n'kuzungulira masitolo a nsalu kachidutswa kali m'manja. Sitolo ija inali itakhomedwa kale. Kwina konse zobiriwira zinalipo mbwee, koma ina yoderako, ina yowalitsa, ukaiyandikiza ikuoneka chigamba. Ndinabwerako mapazi akuwawa. Nditamuuza mkulu wake uja zoti avale kajekete pamwamba, anapukusa mutu.

"Pamzere wa anthu ofanana, aliyense adzafunsa kuti uyu wabisa chiyani. Lichepetseni, avale msuweni wathu."

"Nanga osamuuza mng'ono wanu bwanji?"

"Adzafuna kugula ena onse, alibe poyambira. Mwana wasangalala ndi madiresi akewa. Chonde, musamuuze. Ndidzapeza chonena."

Ndinalichepetsa. Sindinasokepo chinthu ndi mtima wowawa ngati tsiku limenelo. Ulusi unkangoduka, ine n'kumatukwana makina osalakwa.

Ukwati unachitika, ine sindinapite. Patapita masiku mkwatibwi anabwera ndi chithunzi choti ndipachike pakhoma, makasitomala aziona ntchito yanga. Atsikana ali ndandanda, timaluwa m'mutu, mano onse pamtunda.

"Zinayenda bwino, amayi," anatero. Kenako nkhope inagwa. "Koma achemwali anandikhumudwitsa. Akuti diresi silinawakhale bwino. Ine ndikudziwa, analinyoza poti ndi lotchipa. Mchemwali wanga mmodzi yekhayo, kukana kuima pambali panga! Chichitikireni ukwati sindinawayankhule."

Ndinalonjeza kuti sindiulula, inde, koma lonjezo lodanitsa anthu apachibale ine ayi.

"Mwana iwe," ndinatero, "mkono wamanzere wa achemwali ako unauona liti komaliza?"

Anandiyang'ana. Anayang'ana chithunzi, mapewa a atsikana onse ali pamtunda. Ndinaona zikumulowa pang'onopang'ono, mpaka anagwira pakamwa n'kukhala pansi pomwepo, pa milu ya nsalu.

"Bwanji sananene? Amayi, bwanji inu simunanene?"

Madzi akatayika saoleka. Ndinamuuza za zidutswa, za timaluwa, zonse. Analira, ine n'kumangopinda nsalu yopindapinda kale.

Atapukuta misozi anatenga foni, koma asanaimbe anayandikiza chithunzi chija kumaso. Kumapeto kwenikweni, pomwe wojambula anadulira, panali mkono wa munthu wosaoneka nkhope, wovala bulauzi ya manja aatali, ukukonza velo kumbuyo kwa mkwatibwi.

"Ndinkamva wina akundikonza tsiku lonse," anatero. "Sindinatembenuke n'komwe."