Mpando Wotsamira wa a Howard

Katswiri wina, a Howard, anabwera ku esiteti kwathu, kuseri kwa Madisi, atavala nsapato zoyera nthawi yosankha fodya. Anatipeza m'chigafa titakhala pansi, miyendo titawongola, monga amasankhira fodya aliyense. Anatijambula ngati aona zachilendo.

"Misana yanuyi ikuluzitsa abwana ndalama," anatero. Kompyuta yawo inali itawauza kale kuti mayi akamva msana amajomba, ndipo ndindi, timitolo ta fodya tomwe timamanga tija, zimachepa. Mankhwala ake, ati, ndi mipando yotsamira.

Abwana athu a Nedson, amene sanafunsepo munthu kuti wadzuka bwanji, anangomva mawu oti phindu. Mipando inabwera, lamulo pambuyo pake: wokhala pansi, ntchito yatha.

Ine ndinali ndi mwana wanga Hana, wa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo amakhala kumsana. Kompyuta ija sinamuone. Nditatsamira, mwana anafinyika pathabwa n'kulira mpaka kubanika. Ndinasendera kunsonga kwa mpando, fodya ali pansi, ine m'mwamba ngati nkhuku pachisa. Msana unawawa kuposa kale, ndindi zanga zinatsika ndi theka.

Lachisanu a Nedson anandiitana. "Loyce, Lolemba zikakhala chonchi usadzabwerenso."

"Ungoutembenuza mpandowo," anatero Sabina mnzanga, "ukhale chotangadza ngati uli pa kabaza."

"Apongozi anga aamuna akumanga mabelo pomwepo? Iwe uli ndi nzeru ngati za a Howard."

Lolemba ndinabwera ndi sowo. Ndinadula chotsamira chija, miyendo ya mpandowo ndinaifupikitsa mpaka fodya anafika m'manja. Ndikumaliza, a Howard anatulukira ndi kompyuta yawo.

"Mayi, mukudziwa mtengo wa chimene mwadulacho?"

"Ayi bambo, ndinalekezera sitandade seveni. Inu munaberekapo mwana kumsana?"

Anayang'ana Hana, anayang'ana thabwa lili pansi, kenako nsapato zawo.

A Nedson anafuna kundithamangitsa pompo, koma umbombo unawagwira mkono, anati aone kaye madzulo. Hana anagona tsiku lonse, ndindi zanga zinaposa za aliyense. Pofika Lachitatu sowo yanga inali itazungulira chigafa chonse.

Mwezi watha Sabina anandionetsa pa foni chithunzi cha mpando wanga wodulidwa uja. Pambali pake paima a Howard akumwetulira, ati ndi nzeru zatsopano zomwe anatulukira atafufuza mozama. Zotsamira zija tinasonkhera moto.