Tsiku Limene Mlimi Analowa Fomu 3

Mwana wanga Khumbize anabwera kunyumba mawu atasasa, manja ali mbuu ndi choko, n'kuponya chikwama pakhonde.

"Adada, mawa sindipitanso."

Ine Chakufwa Msiska, mlimi wa mpunga pa sikimu ya ulimi wothirira ya Wovwe, ndinali ndikukhomera khasu mumpini. Ndinaliika pansi. Ntchito imene ankaikanayo ndinam'pezera ndine, ndipo ndinali nditadzitama nayo sikimu yonse. Khumbize anakhoza mayeso a Fomu 4 mochititsa kaso, makamaka Bayoloje. Mkulu wina amene anatsegula sukulu yapulaiveti m'nyumba yakale ya sitolo atamva, anandiuza kuti mwana wokhoza chonchi ndi mphunzitsi kale, angobwera adzatenge choko. Ndinavomera osam'funsa n'komwe Khumbize mwini wake. Kuyambira pamenepo aliyense wokumana nane m'mbali mwa ngalande ndinkamuuza kuti kwanga kwatuluka mphunzitsi wa sekondale.

"Chavuta n'chiyani?" ndinafunsa.

"Sakumva, adada. Ndimalemba pabolodi zonse zimene ndikudziwa, iwo n'kumangondiyang'ana. Ndikafunsa funso, onse zii. Masabata atatu tsopano. Ine ndikufuna ndikaphunzire uphunzitsi ku yunivesite, ndipo kulembetsa akutseka Lachisanu lino."

"Zaka zinayi! Ukaphunzira chiyani chimene sukuchidziwa? Suli kale m'kalasi iwe?"

Amayi ake, NyaMhango, ankapeta mpunga cha pambali. Sanatukule mutu. Anangoti, "Kunyada kwanuku kumudyera mwana tsogolo." Mawuwo anandibaya, koma ine ndine munthu wouma mutu, ndisakunamizeni. Ndinaganiza kuti vuto ndi kasukulu kam'sitoloko. Ndinati ndikam'pemphera malo ku sekondale yaboma yoyendera ya kwathu kuno, nkhani ya yunivesite ife yokha.

Lachiwiri m'mawa ndinamanga kathumba ka mpunga wa kilombero panjinga, pakuti kwa akulu sitipita chimanjamanja. Khumbize ankanditsatira pambuyo nkhope ili ndwii. Mphunzitsi wamkulu, Mayi Leticia Kayuni, anatilandira mu ofesi n'kumva pempho langa mpaka kumapeto.

"Mpungawo ukhale kaye panjinga, a Msiska," anatero akumwetulira. "Belu lalira, ndili ndi Bayoloje ku Fomu 3. Tiyeni nonse mukakhale kumbuyo. Tikambirana tikatuluka."

Ine, wolekezera Sitandade 6, kukhala padesiki mawondo akugunda thabwa! Ana anaseka chamumtima. Khumbize anakhala pambali panga kuti azindinong'oneza Chizungu chikandipitirira.

Ndinkayembekezera kuti mayiwo ayamba kulemba pabolodi. Ayi ndithu. Anatulutsa mbale ziwiri zimene anaziika pawindo m'mawa. M'mbale zonse munali tizidutswa ta mbatata, ina m'madzi wamba, ina m'madzi amchere. Anagawa ana m'magulu n'kuwauza kuti agwire. Za m'madzi wamba zinali gwaa. Za mumchere zinali lobodo, zopindika ngati lamba wa patapata.

"Madzi a m'mbatatayi apita kuti?" anafunsa.

Kalasi lonse linayamba kuwira. Ana ankatsutsana, ena mpaka kulowa m'Chitumbuka. Mtsikana wina anayankha kuti mchere wadya mbatata. Ndinati apa alandira mawu. Koma mayiwo analemba yankho lakelo pabolodi, n'kumufunsa kuti ngati mchere wadya, bwanji madzi a m'mbale achuluka m'malo mochepa? Mtsikanayo anayang'ana mbale, anayang'ananso mbatata, kenako maso ake anawala. Anafuula kuti mchere wakoka madzi kutuluka m'mbatata. Anazipeza yekha, mayiwo sanamuuze.

Kenako anatembenukira kwa ine, m'Chichewa. "Tili ndi katswiri lero. A Msiska, mukathira feteleza wambiri panazale, mbande zimatani?"

"Zimapsa," ndinatero. "Zimafota ngakhale madzi alipo."

"Chifukwa chiyani?"

Zaka makumi atatu ndikulima mpunga, ndinkangoti feteleza ndi wamoto. Ana aja, ana a anzanga a pasikimu, anayankha okha: feteleza akachuluka amakoka madzi kuchokera m'mizu, monga mchere wachitira ndi mbatata. Abale inu! Chinthu chimene ndachiona ndi maso anga kuyambira ndili mnyamata, ndinachimvetsa tsiku limenelo, pa mbale ya mbatata. Nditayang'ana Khumbize, ndinaona wagwira pakamwa. Anandinong'oneza kuti mutu womwewu anauphunzitsa sabata yatha, anadzaza bolodi kawiri, ndipo palibe anatolapo kanthu.

Titabwerera mu ofesi, ndinafunsa mayiwo ngati nzeru zoterozo amabadwa nazo.

Anaseka mpaka kugwira tebulo. Anatulutsa buku lalikulu n'kulitsegula. Zonse zimene ndinaziona m'kalasi zinalembedwamo kale: mbale, magulu, funso loyamba, ngakhale mayankho olakwika amene ana angapereke. Ndinaligwira bukulo ndi manja awiri.

"Izi n'zimene amakaphunzira zaka zinayi zija," anatero. "Kudziwa Bayoloje ndi kwina, kudziwa kuilowetsa m'mutu mwa mwana ndi kwinanso. Ku yunivesite munthu amazama m'maphunziro amene adzaphunzitse. Amaphunziranso mmene mutu wa mwana umagwirira zinthu, kakonzedwe ka phunziro, kafunsidwe ka mayeso, ndi kathandizidwe ka mwana wosamva kapena wosaona bwino. Asanamalize amatumizidwa kusukulu kukayeserera, aphunzitsi ake n'kumabwera kudzamuona akuphunzitsa."

"Ndiye simungamulembe ntchito wangayu?"

"Sindingathe, ndipo si ine wolemba ntchito. Boma limafuna dipuloma kapena digiri ya uphunzitsi. Akamaliza ayeneranso kulembetsa ku Khonsolo ya Aphunzitsi kuti alandire chiphaso chom'loleza kuphunzitsa. Popanda zimenezi azingozungulira m'tisukulu, lero pano mawa apo. Ndikufunseni, a Msiska. Mbande mumawokera tsiku lomwe mwafesa?"

"Aa, iyayi! Zimakhala kaye panazale masabata atatu. Mukafulumira zimafa."

Nditangotero ndinazindikira kuti ndadziyankha ndekha. Manyazi anandigwira kwambiri, pakuti mawu a NyaMhango anandibwerera onse.

Masiku anali atatsala atatu. Mayi Kayuni anatenga kalata ya zotsatira za mayeso a Khumbize n'kuwerenga makirediti. Anati pamafunika asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo wofuna kuphunzitsa sayansi ayenera kukhala atakhoza bwino sayansiyo ndi masamu. Zonse zinalipo. Anatiuza kuti ofuna mayunivesite aboma amalembetsa kudzera ku bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE, ndiponso kuti tikafuna koleji ina iliyonse, tiyambe tafufuza ku bungwe lomwelo ngati kolejiyo ndi maphunziro akewo n'zovomerezeka. Anakhala ndi Khumbize pakompyuta ya mu ofesi mpaka zonse zinatumizidwa Lachinayi. Mpunga uja anaukana ndithu. Ndinabwerera nawo, NyaMhango n'kundiseka mpaka kutsamira khoma.

Kusikimu ndinavutika nawo anzanga. "A Msiska, mphunzitsi wanu uja wachotsedwa?" Ndinkayankha kuti wabwerera panazale, iwo n'kumadabwa. Dzina la Khumbize litatuluka pa osankhidwa kupita ku yunivesite ku Mzuzu, ndinayenda sikimu yonse kachiwiri, koma ulendo uno ndikunena zoona.

Zaka zinayi si masewera. Tchuthi chilichonse ankabwera ndi mabuku aakulu ngati njerwa, atawonda, akulankhula za mayeso. Chaka china anagwa phunziro limodzi, analira, analembanso n'kukhoza. Kuthamanga sikufika, ndinam'kumbutsa, ine amene ndinali woyamba kuthamanga.

Nthawi yoyeserera itakwana, mwamwayi anam'tumiza kusukulu ya Mayi Kayuni yomwe ija. Tsiku limene mphunzitsi wake wa ku yunivesite anabwera kudzamuona, ndinasiya mpunga mbalame zikudya, n'kukaima kuseri kwa windo. Mkuluyo anakhala kumbuyo, padesiki ngati lija ndinakhalapo ine, akulemba papepala. Khumbize analowa atanyamula mapesi a mpunga amene anazula m'munda mwanga m'mawa. Anagawira gulu lililonse phesi limodzi. Sanakuwe, sanadzaze bolodi. Anafunsa funso limodzi, manja n'kukwera m'mwamba kalasi lonse. Mwana wanga yemwe uja, amene anaponya chikwama pakhonde! Ndinkamuyang'ana ngati munthu wachilendo. Misozi inatsika, ndipo sindinaipukute.

Lero Khumbize ali ndi digiri ya uphunzitsi, ndipo analembetsa ku Khonsolo ya Aphunzitsi n'kulandira chiphaso chake. Boma litaitana anthu ku mafunso a ntchito anapita, anakhoza, ndipo akuphunzitsa Bayoloje pa sekondale ina cha ku Iponga. Tsiku limene anabweretsa mapepala ake kunyumba, ndinasamba kaye m'manja ndisanawagwire.

"Adada, mukadandisiya m'sitolo muja bwenzi ndili kuti?" anandifunsa moseka.

"Yewo, mwana wanga, undikhululukire," ndinatero. "Ndinatsala pang'ono kukuzula usanakule."

Makolo anzanga, mwana akakhoza Fomu 4 musathamangire kum'patsa choko. Ngati akufuna kukhala mphunzitsi wa sekondale, pitani naye kwa mphunzitsi wamkulu mukafunse njira nthawi yolembetsa isanathe. Aphunzire uphunzitsi pa koleji kapena yunivesite yovomerezeka, ayeserere, alandire satifiketi yake, alembetse ku Khonsolo ya Aphunzitsi. Mwana wanu adzaima patsogolo pa ana a anthu ena zaka zambiri. M'loleni akhale kaye panazale.