Mlamu m'Chitokosi

Galimoto ya polisi italowa pageti, Sajeni anali pakauntala akusasa fumbi pachipewa chake. Amayi omangidwawo ankatsika mmodzimmodzi, maso ali psuu ndi utsi wokhetsa misozi. Aliyense anali atagwira mbale yopanda kanthu, yomwe ankaimenya ndi sipuni poguba kupita ku maofesi a boma kukafunsa za njala. Wotsiriza kutsika anali mlamu wake, mlongo wa amuna ake, mphunzitsi wa kupulayimale. Nsapato yake imodzi inali itatsala mumsewu.

Sajeni analozetsa nkhope kukhoma, koma mlamuyo anali atamuona kale.

"Mwaswera bwanji, alamu? Tabwera kudzacheza. Paja mumadandaula kuti sitikuyenderani."

Amayi enawo anaseka uku akutsokomola.

Mwezi wathawo banjalo linali litaika mwana wotsiriza wa mlamuyo. Anayamba ndi kutupa mapazi, kenako tsitsi linafiira n'kumasosoka, mpaka anasiya ngakhale kulira. Amene anasambitsa mtembo anali Sajeni yemweyo, ndipo pounyamula unkangopepuka ngati kamtolo ka zochapa. Sabata yomweyo wailesi inkabwerezabwereza kuti palibe munthu amene wafa ndi njala.

Kusecha azimayi inali ntchito ya Sajeni. Anawalowetsa mmodzimmodzi m'kachipinda kopanda zenera, kununkha thukuta ndi mankhwala okolopera. Itafika nthawi ya mlamu wake, anatseka chitseko.

"Vulani lamba ndi mpango."

Lambayo anali ndi mabowo atsopano oboola ndi msomali. Sajeni atayendetsa manja m'mbali mwa mlamuyo, zala zake zinangogunda nthiti.

"Sechani bwino, alamu. Mukapezamo kanthu tigawane."

"Koma munapitiranji?" Sajeni ananong'ona mokwiya. "Ana atsalawo muwasiyira ndani?"

"Dzana mwana wina anandikomokera pabolodi, choko chili m'manja. Ndimawaphunzitsa samu zogawa. Ndiuzeni, akagawa chiyani kwawo?"

Masana bwana wa siteshoni anaitanitsa Sajeni. Anali bambo wofatsa polankhula, amene apolisi ankamutcha Chimimba akangotembenuka. Fani inkazungulira pamwamba pa tebulo lake, ndipo sanamuuze Sajeni kuti akhale pansi.

"Ndamva kuti mtsogoleri wawo ndi m'bale wanu. Atolankhani akubwera. Angonena kuti anachita kutumidwa ndi anthu ofuna chisokonezo, ndiponso kuti mwana uja anafa ndi malungo, akagona kwawo lero lomwe. Kalankhuleni naye ngati akazi okhaokha." Anatola cholembera n'kumachizunguza. "Paja nanunso mumakhala m'nyumba ya boma, eti?"

Sajeni anatenga banzi limene anasungira nkhomaliro yake n'kupita kuchitokosi. Amayiwo anali atathithikana pasimenti, ndowa yodzithandiziramo ili pakona. Anamuitanira mlamu wake pazitsulo n'kumupatsa banzilo. Mlamuyo analinyema, mbali yaikulu n'kupatsa mayi wina wachikulire amene ankanjenjemera pafupi ndi khomo.

Sajeni anafotokoza zonse zimene bwana ananena, maso ali pansi.

"Ndi mawu chabe, mlamu. Mawu sapha munthu. Mukanena, mawa anthu aiwala."

"Munamusambitsa ndinu," mlamuyo anayankha modekha. "Mapazi aja munawagwira. Nenani inuyo kuti anali malungo, mundiyang'ane m'maso, ine ndikabwereza pamaso pa atolankhaniwo."

Sajeni anatembenuzira nkhope kumbali.

"Mwaona? Mwana wanga ndinamuika kamodzi. Sindingamukwirirenso ndi bodza kuti Chimimba wanuyo agone tulo."

Atolankhani atafika, bwana analamula kuti mbale zonse ndi masipuni aziyale patebulo panja. Anazitchula kuti zida zoyambitsira chipolowe, ndipo palibe mtolankhani amene anaseka. Kenako anati pakufunika wapolisi wamkazi pachithunzi, popeza omangidwawo ndi azimayi. Sajeni anaima kumbuyo kwa tebulolo, manja kumsana. Pakati pa mbalezo anazindikirapo imodzi yamaluwa obiriwira, imene iye mwini anampatsa mlamu wake pa ukwati.

M'mawa mwake kukhoti nkhani sinatalike. Woweruza anati amayi enawo atuluke pa belo, koma mtsogoleri wawo akadikire mlandu kundende chifukwa angasokoneze mboni. Womumanga unyolo anali Sajeni. Anautseka monga mwa masiku onse, koma unangotsetsereka padzanja lowondalo n'kugwera pansi, ngwee! Anthu m'khotimo anacheuka.

"Manganitsani, alamu, angakukalipireni," anatero mlamuyo, akutambasulanso manja ake. Sajeni anaufinya mpaka pamapeto penipeni. Akukwera galimoto ya ndende, mlamuyo anawonjezera kuti, "Ana akafunsa, muwauze kuti sindinabe kanthu ka munthu."

Sajeni ataweruka anapeza amuna ake atakhala pakhonde, nyuzipepala ili pamiyendo. Chithunzi chija chinali patsamba loyamba. Bamboyo anali munthu wanthabwala, woti tsiku lililonse ankamulonjera mkazi wake ndi sawatcha, koma tsiku limeneli sanadzutse mutu.

"Mwaoneka bwino, mayi," anatero. "Yunifolomu yositidwa bwino."

"Mukanakhala inu mukanatani? Tikatulutsidwa m'nyumba muno, ana onsewa tikagona nawo kuti?"

"Ine ndanena kanthu ngati?"

Anapinda nyuzipepalayo, n'kudzuka, n'kutuluka pageti osanena kumene akupita.

M'nyumba, ana awiri a mlamu uja anali atakhala pamkeka pamodzi ndi ana ake, kachikwama ka zovala zawo kali pakona. Sajeni anavula nsapato zake zolemera n'kulowa kukhitchini. Anasuzumira mumphika n'kuona kuti chakudya cha anthu anayi chiyenera kukwanira asanu ndi mmodzi, ndipo anathiramo madzi. Wamkulu wa ana a mlamuyo, mtsikana wosalankhulalankhula, anabwera n'kuima pakhomo.

"Anti, kundendeko amayi akudya?"

"Akudya, mwanangu. Kumeneko amawapatsa kamodzi patsiku."

"Tsiku lililonse?"

"Eya, tsiku lililonse."

Mtsikanayo anakanda khoma ndi chikhadabo.

"Ndiye mawa mukatimange nafenso, anti. Ine ndi mng'ono wangayu."