Tsiku Limene Ndinatsuka Pikapu ya Bambo

Bambo anga, a Abdulkarim, anamwalira Lachitatu mbandakucha, ndipo pofika seveni koloko ine ndinali ndikutsuka galimoto. Sindinalire. Anthu ankalowa m'nyumba, kutuluka, kundigwira paphewa, ine ndowa ili m'manja. Mumtima munangoti zii.

Galimotoyo inali pikapu yakale imene Bambo ananyamulira usipa kuchoka kuno ku Chipoka kupita m'misika kwa zaka makumi awiri ndi zinayi. Fungo la nsomba linali litalowerera mpaka m'mipando. Ndikanawanyamula bwanji m'chinthu chonunkha chotero? Akudwala anandiuza kawiri konse kuti tisadzawaike kunyanja kuno. Ankafuna kukagona kwawo kwa Maganga, pafupi ndi mayi awo, ndipo ndinavomera. Unali mwezi wa Febuluwale, msewu wolowera kumudziko unali utasanduka phala, ndipo galimoto yotha kudutsa dambo la mpunga la kumeneko inali yomweyi. Lole ya a Tahir, anansi athu, inali ku Lilongwe ndi nsomba. Amaminibasi ukangowatchulira dambolo ankadula foni.

Choncho ndinatsuka kumbuyo, ndinatsuka matayala, kenaka ndinatsegula zitseko n'kukhuthulira ndowa zinayi za madzi a sopo m'kati, kukwecha pansi ndi bulashi mpaka thovu linatulukira khomo linalo.

Pikapuyi ndinali ndisanaiyendetsepo. Laisensi ndili nayo, zaka zanga ndi makumi atatu ndi zisanu, koma Bambo ankati galimoto ili ngati mswachi, sabwerekana. Anaiimika okha pansi pa mtengo wa mango masabata atatu asanamwalire, kiyi n'kuika m'thumba la mkanjo. Tsikuli ndinakhala pampando wawo koyamba, thalauza likunyowa, n'kupotokola kiyi. Sitata inazungulira bwinobwino koma injini osagwira. Ndinayesa kachiwiri, kachitatu, kachisanu.

Bambo aang'ono, a Twaibu, anabwera pawindo. Anayankhula motsitsa mawu, monga ayankhulira anthu akakhala kuti agamula kale. Anati thupi lasambitsidwa, sanda yakonzeka, ndipo maliro a Msilamu sagona. Akuluakulu agwirizana kuti azana yoitanira mapemphero a masana ikamveka galimoto isanalire, tiika konkuno kumanda a kuseri kwa mzikiti. Ndinati ndamva.

A Lenard, makaniko wa pafupi ndi sitesheni ya sitima, anafika panjinga yamoto itangokwana naini. Ndi mkulu wa mpingo kutchalitchi kwawo, wosathamanga ngakhale nyumba ikupsa. Anavula chipewa, anakapepesa kaye pamene panakhala azibambo, kenaka ndiye anatsegula boneti.

Anayamba ndi zazing'ono. Batire inali yamoyo. Petulo analimo, ndipo anadabwa kuona thanki yodzaza mpaka kukhosi, poti Bambo moyo wawo wonse ankathira malita asanu asanu, akudandaula. Ine sindinadabwe. Ndinadziwa kuti petuloyo anathirira ulendo wawo womaliza wa kwa Maganga, ndipo ngakhale zimenezo sizinandigwedeze. A Lenard anachotsa waya wa pulagi n'kundiuza kuti ndilize, koma moto panalibe. Anagona pansi, khutu kuthanki, kumvetsera pampu ya petulo, ndipo inali chete. Mafyuzi anawayesa limodzi limodzi ndi kababu kawo koyesera, onse ali bwino.

Kenaka anandilozera padashibodi. Anati ukangotembenuza kiyi pamayaka kanyali kachikasu kojambula injini, kusonyeza kuti kompyuta yadzuka. Galimoto zatsopano amalumikiza makina n'kuwerenga vuto. Yakale ngati iyi amalumikiza timabowo tiwiri ndi kawaya, kanyali kaja n'kumaphethira, iwo n'kumawerenga. Koma apa kanyaliko sikankayaka n'komwe.

Atatero anayang'ana pansi, kumene wokwera amaponda, n'kugwira kapeti. Madzi anatuluka pakati pa zala zawo.

"A Shukuru, mwathira madzi m'kati muno?"

"Ndowa zinayi."

A Lenard anamasula pulasitiki ya m'mbali mwa phazi n'kutulutsa kabokosi kachitsulo kofanana ndi chitini cha bisiketi. Atakapendeketsa, madzi a sopo anadontha. Anati kompyuta ndi imeneyi, ndipo mwina yapsa pamene ndinkaliza ili yonyowa. Ina yotere kuno kulibe, n'kukasaka kwa ogulitsa zida zakale ku Lilongwe.

Nkhani inafika kubwalo ine ndisanatseke chitseko. Kompyuta yafa, mwana waithira madzi. Anthu amene sanagwirepo sipanala anayamba kupereka nzeru. Wina anati tiikwirire mumpunga kuti iume, wina anati tikankhe galimoto. Tinakankhadi mpaka kumsewu n'kubwerera, azibambo asanu ndi mmodzi ovala mikanjo yoyera, matope mpaka m'mawondo, osaphula kanthu. Mayi wina wodutsa anati madzi akatayika saoleka, ndipo ndinamuyang'ana mpaka anafulumiza mwendo.

A Lenard anatsegula kabokosiko, kutsuka m'kati ndi sipiriti, n'kukayanika pathandala pamene Bambo ankayanika usipa. Dzuwa linkatuluka n'kubisala. Ndinakhala pamchenga kuyang'anira kompyuta ikuuma, ntchentche zikuterapo n'kuuluka. M'nyumba azimayi ankalira motsitsa, Amayi ali pakati pawo. Ndinkamva zonse ngati zikuchitika kwa eni ake.

Itadutsa leveni koloko anaibwezera. Ndinatembenuza kiyi, kanyali osayaka. A Lenard anakanda mutu. Anati chikuwavuta n'chakuti m'kati mwa bokosi sanaonemo popsa, ngakhale fungo. Mwina yafadi, mwinanso magetsi sakufikako. Koma mawaya a galimotoyi adalumikizidwa ndi anthu ambirimbiri, matepi okhaokha, ndipo kuwatsata umodzi umodzi n'kofuna tsiku lathunthu. Anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinawauza kuti nkhonoyo akaionere kwawo. Anandikhululukira, n'kupitiriza kusenda matepi.

Azana inawapeza ali chigonere pansi pa chiwongolero.

Tinanyamula jeneza, chithatha cha maliro, pamapewa, kusinthana monga mwa mwambo. Kumanda sikutali, mphindi khumi basi. Ndinalowa m'manda kulandira thupi pamodzi ndi a Twaibu, ndinawagoneka Bambo chakumanja, ndinathira dothi katatu. Dothi la kuno ndi mchenga, silichedwa kudzaza. Panjira a Twaibu anati dziko lonse ndi la Allah, pogona paliponse m'pamodzi. Ndinavomera ndi mutu. Ndinkangoganiza za ndowa yachinayi ija, kuti itatu ikanakwana.

M'mawa mwake Amayi anandiitanitsa kuchipinda. Anali pamphasa, atafunda nsalu kumutu. Anati akufuna tasibihi ya Bambo, mikanda yawo yopempherera, ndipo m'nyumba asaka paliponse.

"Kaone pansi pa mpando wawo m'galimoto. Iyenera kuti ili mmenemo. Nthawi zonse asanalize ankapisa dzanja pansi pa mpando n'kunena Bisimila. Zaka zonsezi ndimawaona."

Ndinapita. Kapeti inali isanaume. Ndinakhala pampando n'kupisa dzanja pansi pake, monga ananenera. Tasibihi munalibe. Zala zanga zinakhudza kanthu kolimba komangirira kuchitsulo cha mpando, kokutidwa ndi mphira ya chubu. Kanali kaswichi kakang'ono, ka mtundu umene anthu amabisa poopa akuba. Ndinakakankha, kanati tha.

Nditatembenuza kiyi, kanyali kachikasu kanayaka. Kumbuyo pampu inang'ung'uza. Injini inagwira kamodzi n'kamodzi, n'kumalira mosalala ngati sinagonepo masabata atatu.

Azibambo amene anagona pamaliro anaimirira pamikeka yawo. Palibe anayandikira. Amayi anatulukira pakhomo, nsalu atagwira pachibwano.

"A Lenard akonza?"

"Ayi, Amayi. Inalibe vuto. Pansi pa mpando pali swichi."

Anayang'ana galimoto, kenaka anayang'ana njira yolowera kuseri kwa mzikiti.

"Dzulo anandiuza kuti ndi kompyuta," anatero. "Ine za kompyuta ndingadziwe chiyani? Palibe anandifunsa."

Anabwerera m'nyumba. Ine ndinakhalabe pampando, manja pachiwongolero, muvi wa petulo uli pamwamba penipeni. Patapita nthawi a Twaibu anabwera pawindo n'kundiuza kuti ndizimitse, ndikuwononga mafuta.