Dzina la Jeremiya M'kabokosi

Annette anakwera pa ndowa, napisa dzanja kudenga kwa chigafa n'kutsitsa kabokosi kokulungidwa m'chitenje. Batire munalibe.

"Amayi, masiku asanu ndi anayi kosalemba kanthu. Wachita izi ndani?"

Lefina anapitiriza kusoka fodya wake. Annette anali mlangizi wa kalabu yawo ya alimi a fodya ku Wimbe, ndipo ndiye anapachika timabokosi totere m'zigafa chaka chatha. Kalikonse kamayeza chinyontho, kamalemba amene wapachika fodya, n'kutumiza uthengawo ku tinzake. Ogula masiku ano safuna belo lopanda mbiri.

"Ndine," anatero Lefina. "Munanena nokha kuti kamutu kake n'kochepa, kamasunga mizere makumi asanu basi. Watsopano ukalowa, wakale umatuluka."

Anatulutsa batire pamfundo ya mpango wake. Annette ataibwezera, kagalasi kanayaka. Mzere wakale kuposa yonse unali wa Jeremiya Mbewe, mikangala ya fodya makumi anayi, mwezi wa Malichi chaka chatha. Mwamuna wa Lefina ameneyo, anamwalira fodya uja asanapite kumsika. Chithunzi sanasiye. Chaka chonse Lefina ankakwera pa ndowa m'mawa uliwonse kukawerenga dzinalo, kenako n'kupita kumunda.

Annette anakhala pansi.

"Dzinali silitayika, amayi. Ku ofesi amati bulokutcheni, koma ndi msoko ngati wanuwo. Mfundo iliyonse imagwira inzake yam'mbuyo. Kabokosi sikangasenze msoko wonse, kamangogwira kumapeto. Wonsewo uli m'makina aakulu a makalabu, ena ku boma, ndipo palibe angafufute."

"Ndiye ndizikwera minibasi kukawaona ku boma? Bambo a Tithokoze ali moyo sankakufuna n'komwe, ankati kumeneko ngakhale moni ngogula."

Annette anaseka pang'ono, n'kusiya.

"Kakapanda kulemba lero, fodya wa chaka chino sagulidwa. Sindikunamizani."

Lefina anayang'ana masamba amene anali atayamba kufiira pamikangala. Mbewu yake anafesa yekha, kuthirira yekha, kuwokera yekha. Analanda kabokosi kaja, napukuta kagalasi ndi chala, nawerenga mzerewo pang'onopang'ono, milomo yokha ikuyenda. Kenako anakwera pa ndowa n'kukapachika pamalo pake. Kanalira kamodzi. Pamene panali Jeremiya panabwera manambala ndi zilembo zosamveka tanthauzo.

"Amuna anga ndi awa tsopano?" anafunsa Lefina.

"Ndi mfundo yawo."

Lefina anatsika, natola singano yake. Anasoka masamba angapo asanalankhule.

"Amene anapanga kanthu aka ndi ophunzira anzanu. Anatha kupanikiza msoko wonse m'kamfundo kamodzi, koma malo a dzina limodzi anawasowa. Mukawauze, mwana wanga, ndipo inunso mukhalepo pokonzapo. Muno m'kalabu chaka sichitha osaika munthu. Wotsatira asadzachite kuchotsa batire ngati ine. Kakonzeni bwino."