Ndere Yopanda Dzina

Maloto a usiku wathawu andisowetsa mtendere. Ndinalota malemu amuna anga, amene ankathandiza akatswiri kufufuza ndere za pamiyala kuphiri la Mulanje, atafika atabereka mwala ngati khanda. Pamwalapo panali ndere yachikasu, yonunkhira mvula yoyamba. Nditaikhudza, inali yofunda ndipo inkapuma.

Iwo anati, "Anambewe, iyi m'mabuku onse mulibe. Lero ikutuluka m'chikuta. Itcheni dzina."

Tinali ndi dzina limene tinasungira mwana amene sitinakhale naye. Ndinatsegula pakamwa, koma munangotuluka nkhungu, n'kuwaphimba.

Kodi ankafunadi dzinalo, kapena anangondisowa? Kaya. M'mawa uno ndinagwada pamwala wakuseri kwa nyumba, n'kuitana dzina lija katatu konse: "Tadala!" Palibe anavomera.