Malo a Nasingano

Nasingano anafika padoko m'mawa, kampando kake kali m'khwapa, napeza kuti pamalo pake ajambulapo mzere wachikasu. Dzinali anamupatsa ndi onyamula katundu, chifukwa kwa zaka makumi atatu ankakhala m'mbali mwa khoma la shedi, kusoka matumba ong'ambika potsitsa m'sitima. Ampunga, ashuga, afeteleza, onse ankadutsa m'manja mwake. Miyendo ya kampandoko inali itakumba timaenje titatu pasimenti.

Tauni inakula ngati mwana wa eni ake: umangozindikira wakupitirira msinkhu ndipo moni waleka. Pomwe asodzi ankayanika maukonde panadutsa msewu wa magalimoto akuluakulu. Katundu tsopano ankabwera m'makontena achitsulo, ndipo chitsulo sichifuna singano. Sabata inkatha osasoka ndi thumba limodzi lomwe, koma iye ankabwerabe. Akanapita kuti? Anzake akale ena anatsogola, ena anangotsala kutsokomola m'makomo. Pakhoma paja ndi pokhapo pomwe ankadzimva kuti ndi munthu.

Kapitawo watsopano, wachisoti choyera, anamuuza kuti achokepo chifukwa malowo aikapo makontena. Nasingano anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nakhala pansi n'kuyamba kulowetsa ulusi. Alonda anakana kumugwira, poti ambiri a iwo anawasokerapo zigamba asanaone yunifolomu. Kapitawoyo atafunsafunsa, wina wapakamwa anaulula kuti woyendetsa kireni, makina onyamulira makontena aja, ndi mwana wa mayiyo.

Mwanayo anatsika makwerero mwaulesi. Anali bambo wa ana atatu, ndipo sukulu yake yonse inatuluka m'singano yomweyi. Anavula chisoti nanyonyomala pafupi.

"Amayi, anenetsa kuti mukapanda kusuntha, mawa kireni akwera wina."

"Ndiye aona kuti atume iweyo?"

"Nanga nditani, amayi? Ana aja adya chiyani?"

Nasingano mtima unamupweteka koopsa. Akanakhala mlendo akanamutukwana mpaka mawu kusasa, koma wobereka wekha umutukwana bwanji? Anaona kuti ovololo ya mwanayo yasomoka paphewa. Anamukokera pafupi, naisoka ndi ulusi wa matumba, msoko wothina uja umene sunatayepo ngakhale njere imodzi ya mpunga. Kenako anadula ulusi ndi mano.

"Kwera. Kontenalo ukaliike bwino, asanene kuti sindinalere."

Ananyamula kampando kake nakaima kunja kwa mzere, pamodzi ndi alonda amene tsopano ankayang'ana nsapato zawo. Anakweza maso, koma kumwamba kuja nkhope ya mwana wake sinkaoneka, galasi lokha ndilo linkanyezimira.

Kontena linatsika pang'onopang'ono, osagwedera, n'kukhala pamzere ndendende. Kapitawo anaomba m'manja. Mwanayo analidi katswiri: sanasiye ngakhale kadzenje kamodzi ka kampando kaja poonekera.